Ng'ombe Zitatu Zimene Ndinagulitsa ndi Mantha



Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja, koma ndakhala pa Boma la Mzimba zaka zoposa makumi atatu, moti Chitumbuka ndimachiyankhula ngati mwini wake, ndipo chisanu cha mu Juni chimene chinkandiliza masiku oyamba aja ndinachizolowera. Nkhani imene ndikufuna kukamba nanu ndi ya ndalama, ngakhale mukaimva mpaka kumapeto muona kuti mbali yaikulu ndi ya mtima wa munthu mwini ndalamayo.

Chimene chandichititsa kulemba ndi foni imene ndinalandira mwezi wa Novembala 2023, usiku titangomaliza swala ya Isha. Anali mwana wanga wachisamba amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Masiku amenewo banki yaikulu ya dziko lino inali italengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi ya ku America.

"Ababa, mwamva? Dziko limenelo latha basi. Dulani mitengo ija mugulitse, kanyumba ka lendi kaja nakonso mugulitse, ndalama zake tizisandutse marandi zinthu zisanaipiretu."

Mawu ake ankanjenjemera. Sindinamukalipire, chifukwa mawu amenewo ndinkawadziwa bwino. Ndinawayankhulapo ine ndemwe zaka 21 m'mbuyomo, ndipo anandisowetsa ng'ombe zitatu.

CHITINI CHA PANSI PA BEDI

Ndinafika ku Mzimba m'chaka cha 1993 ndi matumba awiri a usipa ndi utaka wouma. Nsombazo ndinkapikula kumadooko a kwathu, n'kudutsa nazo m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota mpaka pa Kasungu, kenaka n'kukwera msewu wa M1 kudzera pa Jenda mpaka kufika pa Boma. Anthu a kuno ndiwo zawo ndi nyemba, masamba ndi nyama, kotero nsomba ya kunyanja ankaithamangira ndipo malonda ankayenda.

Phindu lililonse ndinkaliika m'chitini cha mkaka, chitinicho pansi pa bedi. Ku banki sindinkafunako poopa chiwongoladzanja, chimene tonse tikudziwa kuti chipembedzo chathu chimakana. Cholinga changa chinali chimodzi: kugula malata 30 ofolera nyumba ya amayi anga ku Nkhotakota. Ndinkadziona wochenjera ndithu, ndipo usiku uliwonse ndinkagona mtima uli m'malo podziwa kuti chuma changa chili pansi pa mutu wanga.

Mu Febuluwale 1994 boma linaileka kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo pamsika, ndipo m'chaka cha 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 80 peresenti ndi kupitirira. Nditatsegula chitini chija, ndalama zinali momwemo, panalibe ngakhale tambala imodzi yosowa. Koma nditapita nazo kusitolo, malata amene zinakwanira sanafike ngakhale theka la amene ndinkafuna. Ndinabwerera kunyumba ngati munthu woberedwa, chonsecho chitseko palibe anathyola.

MDALA WA KU EMBANGWENI

Pakati pa makasitomala anga panali bambo wina wachikulire wachingoni, wochokera kumidzi ya kufupi ndi Embangweni. Akabwera pa Boma ankadzera pa benchi langa kugula usipa wopita nawo kwa adzukulu. Iyeyu pa unyamata wake anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo anabwerera kumudzi Kamuzu Banda ataletsa ulendo umenewu m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi ambiri amene ankachokera kumigodi. Anzake anabwera ndi mawailesi, magalamafoni, masuti ndi njinga. Iye anagula ng'ombe ziwiri zazikazi. Pamene ine ndinkamudziwa, mawailesi a anzake aja anali atafa kalekale, koma m'khola mwake munali ng'ombe zoposa makumi awiri.

Tsiku lina nditamudandaulira za malata aja, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Mwana wa kunyanja iwe, kodi ndalama yakoyo imabereka?"

Ndinayankha kuti, "Iyayi Adada, ife kubereketsa ndalama n'koletsedwa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine sindikunena katapila. Kodi ng'ombe yako ikabereka thole, shehe wako angakukalipire?"

Funso limeneli linandigoneka mochedwa usiku umenewo. M'chaka cha 1996 ndinagula ng'ombe yanga yoyamba, yaikazi yaing'ono, n'kukaiikiza m'khola la mdala uja. Tinapangana pamaso pa mboni kuti mkaka ndi ndowe ndi zake, ndalama ya dipi ndi mankhwala ndi yanga, ndipo thole lachitatu lililonse ndi lake. Kwacha itagwanso mu Ogasiti 1998 ndinathamanga kukagula yachiwiri. Pofika 2001 ng'ombe zanga zinali zisanu.

Musaganize kuti zaka zimenezo zinali zosavuta kwa ine. Ife a kunyanja tinazolowera ndalama ya usiku umodzi: chilimira chikagwira bwino, m'mawa ndalama ili kale m'thumba. Tsono ng'ombe imatenga bere miyezi isanu ndi inayi, ndipo thole lalikazi limafuna zaka zitatu kapena kupitirira kuti nalonso liyambe kubereka. Ndinkapita kukaziona n'kupeza zikungodya udzu, ine mtima uli wawa kuti ndalama yanga yaima chilili. Mdala uja ankangondipatsa chambiko n'kumati, "Imwa, zisiye zidye."

NJALA YA 2002

Amene munalipo mukukumbukira. Zokolola za 2001 sizinachite bwino, ndipo pofika Januwale 2002 chimanga chinasowa m'misika, mtengo wake n'kukwera kangapo. Mu Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Pa Jenda tinkakumana ndi anthu ochokera mbali ya Kasungu atanyamula mbale, mipando, njinga ndi mbuzi, akusinthanitsa ndi ndowa ya chimanga ngakhale gaga amene.

Apa ndiyenera kunena zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. M'nyumba mwanga munalibe njala. Ndinali nditagula matumba 12 a chimanga nthawi yokolola, okwanira kutifikitsa mu Epulo. Ana anga ankadya kawiri pa tsiku. Koma madzulo aliwonse tikatuluka ku swala ya Maghrib tinkakhala pakhonde la sitolo ina, ndipo aliyense ankabwera ndi yakeyake. Wina ati njalayi ikhala zaka zitatu. Wina ati kukubwera nthenda yomaliza ng'ombe zonse. Wina ati akuba akutsegula makola usiku n'kuwolotsera ng'ombe ku Zambia. Palibe amene anaona zimenezi ndi maso ake, aliyense anangomva kwa mnzake, koma ine ndikafika kunyumba tulo sitinkabwera. Ndikatseka maso ndinkaona khola lopanda kanthu.

M'mawa wina ndinakwera matola kupita kwa mdala uja n'kumuuza kuti ng'ombe zonse zisanu zigulitsidwe.

"Kodi chimanga chatha m'nyumba mwako?" anafunsa.

"Iyayi Adada."

"Mwana wadwala?"

"Iyayi."

"Nanga ukugulitsiranji?"

"Aliyense akugulitsa, Adada."

"N'chifukwa chake mtengo palibe," anatero, n'kukhala chete.

Sindinamve. Atandichonderera kwambiri ndinalola kusiya ziwiri zazikazi, koma zitatu ndinagulitsa kwa munthu wa butchala amene masiku amenewo ankangoyenda m'midzi kutchula mtengo umene wafuna. Ng'ombe yathunthu inapita pa mtengo wa matumba owerengeka a chimanga. Ndalamayo ndinagulira chimanga china pa mtengo wokwera kwambiri uja, kuopa njala ya zaka zitatu ija. Mu Meyi anthu anayamba kukolola, mtengo wa chimanga unatsika, wa ng'ombe n'kubwerera m'malo. Chimanga changa chowonjezera chija anadya ndi anankafumbwe. Nditawerengera ndinapeza kuti ndalama ya ng'ombe zitatu zija sikanagulanso ngakhale imodzi.

Ndisalakwire anthu amene anagulitsa ziweto chifukwa ana ankalira ndi njala. Amenewo anachita bwino, ndipo ntchito ya chiweto ndi imeneyo, kuwombola moyo pa tsiku loipa. Ine amene ndinali ndi chimanga m'nyumba, chimene chinandigulitsitsa ndi nkhani za pakhonde zija basi.

MMENE MANTHA AMAGWIRIRA NTCHITO

Patapita zaka, mwana wanga wamkazi ali kukoleji, ndinamufotokozera nkhaniyi. Iye anandiuza kuti matenda anga aja ali m'mabuku. Akatswiri awiri a maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba m'chaka cha 1979 za mmene anthu amasankhira zinthu pakakhala chiopsezo, ndipo kafukufuku wawo anaonetsa kuti kuwawa kwa kutaya chinthu kumaposa kukoma kwa kupeza chinthu chofanana nacho pafupifupi kawiri. Kutaya K10,000 kumamupweteka munthu kwambiri kuposa mmene kutola K10,000 kumamusangalatsira. Kahneman analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi m'chaka cha 2002, chaka chomwecho chimene ine ndinkathamangitsa ng'ombe zanga kupita kubutchala. Tinaseka ndi mwana wanga mpaka misozi.

Kuchokera pa zimene zinandichitikira, ndaona makhalidwe anayi a mantha a zachuma. Choyamba, amakulitsa chimene ungataye n'kuchepetsa chimene ungapeze ukadikira. Chachiwiri, amapatsirana ngati chimfine. Munthu mmodzi wamantha pakhonde amadwalitsa anthu khumi. Chachitatu, amakuuza kuti vuto la lero ndi la muyaya, moti mu Febuluwale umaiwala kuti Meyi amabwera chaka chilichonse. Chachinayi, ndipo choopsa koposa, amafuna kuti uchitepo kanthu lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Munthu wamantha kukhala chete amakuona ngati uchitsiru.

Mantha ali ndi mphwake, dzina lake dyera. Zaka zingapo zapitazo pa Boma pano panabwera anthu amene ankalonjeza kuti ukaika ndalama kwa iwo, pakutha pa mwezi ulandira kawiri. Oyamba analandiradi, ndipo nkhani inafala ngati moto wa m'tchire. Anansi anga ena anagulitsa mbuzi, ena anatenga ndalama za ku banki m'khonde, kuopa kutsalira pamene anzawo akulemera. Tsiku lina anangopeza chitseko chili ndi loko. Ukayang'anitsitsa, mtima umene unawathamangitsira kumeneko ndi womwe uja unandithamangitsira ine kubutchala: aliyense akuchita, ndiye nanenso ndichite msanga.

Komabe ndisanamize munthu kuti mantha amangonama. Kwacha imagwadi. Inagwa mu 1994, mu 1998, mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu 2023. Pamene ndinkafika kuno pepala la K50 linali ndalama yolemekezeka. M'chaka cha 2012 kunabwera la K1,000, mu 2016 la K2,000, ndipo mu 2022 la K5,000. Abale athu amene anakhala zaka zambiri ku Zimbabwe anaona zoposa pamenepa mu 2008 ndi 2009, pamene ndalama za ukalamba wawo zinasanduka mapepala wamba. Choncho mwana wanga uja sanali wopusa. Chimene analakwitsa ndi mankhwala ake. Kwacha ikamagwa, wolira kwambiri ndi mwini chitini cha pansi pa bedi. Mtengo umene uli kumunda sudziwa kuti dola yafika pati, umangokula, ndipo tsiku lodzaugulitsa mtengo wa thabwa umakhala utakwera pamodzi ndi zina zonse.

MITENGO YA KU LUWAWA

M'chaka cha 2004 ndinagwirizana ndi mphwake wa mdala uja, amene ali ndi malo kumtunda cha ku Luwawa, kuti tibzale mitengo ya paini. Iye anapereka malo ndi maso oyang'anira, ine mbande ndi ndalama yolimira ndi kulambula njira zotchinga moto, ndipo phindu tidzagawane pakati. Nzeru imeneyi tinaitenga ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene boma linayamba kubzala mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960 pofuna fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe, koma mitengoyo itakhwima inadyetsa anthu ambirimbiri ndi matabwa. Obzala ake ambiri sanadyeko, anabzalira ena.

Paini amafuna zaka pafupifupi makumi awiri kuti apereke thabwa labwino. M'chilimwe cha 2010 moto wa osaka mbewa unadumpha njira yathu n'kuwotcha gawo limodzi mwa magawo atatu a mundawo. Ndinakhala pa chitsa n'kulira ngati mwana. Kenaka kunabwera 2011 ndi mizere ya mafuta a galimoto, ndipo mu Meyi 2012 kwacha inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Sabata yomweyo kunabwera anthu ndi ndalama m'manja, kufuna kugula mitengo yotsalayo ngati milimo, ili ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha. Mtima wanga unayambanso nyimbo yake ija: moto ubweranso, kwacha igwanso, landira zomwe zilipozi.

Ndinafika kunyumba n'kuwauza mayi a ana kuti mawa ndikukalandira ndalama. Iwo ankapeta mpunga, ndipo sanadzutse ngakhale mutu. Anangoti, "Bambo a ana, ng'ombe zija mwaziiwala kale?"

Ndinakhala pansi. Usiku umenewo tinapangana malamulo a m'nyumba mwathu, amene tikuwatsatabe.

MALAMULO A M'NYUMBA MWATHU

Chuma chathu, ngakhale ndi chochepa, tinachigawa patatu. Gawo loyamba ndi chakudya cha chaka, chimene timagula nthawi yokolola n'kuthira mankhwala. Munthu amene ali ndi chimanga m'nyumba amaganiza bwino. Gawo lachiwiri ndi la mwadzidzidzi: mbuzi, nkhuku ndi kandalama pang'ono, zoti matenda kapena maliro akagwa tigulitse msanga osakhudza zazikulu. Gawo lachitatu ndi la ana: ng'ombe, mitengo ndi kanyumba ka lendi kamene tinamanga pang'onopang'ono pa Boma pano. Limeneli silikhudzidwa pokhapokha pa sukulu, pa matenda aakulu kapena pa njala yeniyeni ya m'nyumba mwathu, osati njala ya pa wailesi.

Chinthu chachikulu sichigulitsidwa mpaka patadutsa Lachisanu katatu kuchokera tsiku limene ganizolo labwera, ndipo tonse awiri tivomereze. Mantha ambiri safika Lachisanu lachiwiri. Nkhani ya kugulitsa sitiikamba usiku, ndiponso sitiikamba tsiku limene tamva nkhani yoipa.

Sitiika zonse pamalo amodzi, popeza chilichonse chili ndi mdani wake. Mitengo inapsa, ng'ombe ina inafa ndi matenda a nkhupakupa, wa lendi wina anathawa usiku ndi ngongole ya miyezi inayi. Koma zitatuzi sizinachitike chaka chimodzi, ndipo china chikagwa chinzake chinkatigwira dzanja.

Pomaliza, chuma chathu timachiwerenga kamodzi pa chaka, m'mwezi wa Ramadhan pamene tikuwerengera Zakaat. Ndipo pofuna kudziwa ngati tapita patsogolo sitiyang'ana kuchuluka kwa makwacha, timafunsa kuti chaka chatha zimenezi zikanagula matumba angati a chimanga kapena malata angati, nanga chaka chino angati. Munthu amene amakumba mbewu tsiku lililonse kuti aone ngati yamera, sadzakolola.

Ana a masiku ano ali ndi njira zina zimene ife tinalibe. Ku Blantyre kuli msika wa masheya umene unayamba kugulitsa masheya m'chaka cha 1996, ndipo munthu wamba akhoza kukhala ndi kagawo m'kampani yaikulu monga ya Illovo imene imalima nzimbe ku Dwangwa kwathu kuja. Wofuna kulowa kumeneko ayambe wafunsa masheikh odziwa za malonda kuti ndi makampani ati amene ntchito zawo n'zololedwa kwa Msilamu, afunsenso odziwa za msikawo. Koma adziwe kuti matenda ndi omwe aja, ndipo foni yawawonjezera mphamvu. Khonde la sitolo lija tsopano lili m'thumba la munthu aliyense, ndipo silitseka ngakhale pakati pa usiku.

YANKHO KWA MWANA WANGA

Usiku uja wa Novembala 2023 ndinamufunsa mwana wanga mafunso atatu a mdala uja, amene anatisiya kale. Kodi chakudya chatha? Kodi wina wadwala? Nanga tikugulitsiranji? Anakhala chete pa foni. Ndinamuuza kuti ganizo lake ndalimva, ndipo tidzalikambe pakadutsa Lachisanu katatu monga mwa lamulo la mayi ake. Lachisanu lachitatu litakwana anaimbadi, koma nkhani yake inali ya mtsikana wina wa ku Salima amene ankafuna kuti tikamufunsire. Za mitengo sanazitchule.

M'chilimwe cha 2024 mitengo ija itakwana zaka 20 tinacheka theka lake. Gawo langa linalipira sukulu ya mwana wathu wotsiriza ndi kuthandiza pa Nikaah ya mkulu wake uja. Pamalo pamene tinadula tabzalaponso mbande, ngakhale ndikudziwa kuti pa msinkhu wangawu matabwa ake mwina adzacheka ndi adzukulu. M'khola la ku Embangweni, limene tsopano akuyang'anira ndi mwana wa mdala uja, muli ng'ombe zanga 11, zonse zidzukulu za ziwiri zija zimene mdala anandikaniza kugulitsa. Nthawi zina ndimawerengera kuti zikanakhala zingati zitatu zija zikanakhalapo, kenaka ndimasiya, chifukwa kuwerengera kumeneko sikubweza ng'ombe.

Sindine wolemera, ndipo za mawa mwini wake ndi Allah yekha. Alipo amene anadikira moleza mtima koma moto kapena matenda zinawalanda zonse, choncho kudikira si chikole cha phindu. Rizki amagawa ndi Iye. Chathu ndi kubzala, kulambula njira ya moto, ndi kuugwira mtima.

Inu abale anga a ku Nkhotakota, Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay, nkhaniyi mukuidziwa kale kuposa ine. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julaye, nyanja n'kukalipa masiku angapo osalola bwato kulowa, msodzi wanzeru sagulitsa chilimira chake. Amakokera bwato kumtunda, amakhala pamchenga n'kumasoka ukonde, ana akudya chimene mayi anasunga. Amene wagulitsa ukonde pa mwera, tsiku limene nyanja yadekha amakakhala wolembedwa ganyu m'bwato la mnzake. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Allah atipatse mitima yodekha, adalitse zochepa zimene tili nazo, ndipo atiteteze ku mantha ndi dyera lomwe. Ameen.